Mwendo wa Eula

Ine Clovis ndakhomera akavalo nsapato zachitsulo zaka makumi anayi, ndipo makomo a kuno ku Louisiana ndawalowa ambiri, koma khomo lamtendere ngati la a Dudley Sonnier ndi losowa. Akazi awo, mayi Odile, ankakuthirira khofi usanakhale n'komwe pansi. Ukapezekapo Lachisanu, sunkachoka osadya nkhanu zatsabola mpaka milomo kuyaka. Lamulungu banja lonse linkakhala pa benchi yachitatu ku Misa, ndipo asanadye ankagwirana manja n'kupemphera, ngakhale chakudya chikhale soseji yampunga ya m'pepala.

A Dudley ankaphunzitsa akavalo a mjaha. Anali nawo anayi basi, ndipo atatu mwa iwo, tinene zoona, ankangotha udzu. Wachinayi, kavalo wamkazi wofiirira dzina lake Eula, ndiye ankadyetsa banja lonse. Anabadwira m'manja mwawo ndipo ankamutcha mwana wawo wamkazi.

Eula anali ndi liwiro loopsa, koma mtsempha wa mwendo wake wakumanzere wakutsogolo unavulalapo ali wamng'ono. Unachira, inde, koma mtsempha wa kavalo suchira n'kubwerera mwakale. Choncho m'kholamo munali malamulo awiri. M'mawa uliwonse akachoka kothamanga, mwendowo unkaima m'ndowa ya madzi oundana theka la ola. Ndipo pa mjaha, wokwera sankaloledwa kumutulutsa pa geti loyambira ndi liwiro lonse. Eula ankayamba pang'onopang'ono, mwendo uzolowere, kenako n'kumawadutsa anzake kumapeto.

Mwana wobereka wa a Dudley anali mmodzi, Landry, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, waulemu, wodzuka tambala asanalire. Ndiye ankakwera akavalowo m'mawa. Mulungu anamupatsa mphatso yodabwitsa: ankadziwa liwiro la kavalo popanda wotchi, ngati mmene mayi amadziwira kuti mpunga wapsa osavundukula mphika. Akatsika, bambo ake ankabisa wotchi kumbuyo n'kufunsa kuti, "Kota yoyamba ya mtunda, masekondi angati?" Iye, "Masekondi 24." Akayang'ana, ndendende 24! Anthu a ku bwalo la mjaha anayamba kumutcha Wotchi.

"Mphatso imeneyi ndi yosungira miyendo ya akavalo," a Dudley ankatero. "Tsiku lomwe udzaitengere pa windo lobetchera, udzandiike kaye m'manda."

"Aaa Bambo, ine ndi juga wapi ndi wapi?" ankayankha akuseka.

Pa bwalo lathu panali munthu wina, Purvis Meche. Analibe kavalo, analibe ntchito, koma tsiku lililonse ankapezeka m'kantini atavala nsapato zonyezimira, nyuzi ya mjaha ili kukhwapa. Ine munthu ameneyu ndinkanyansidwa naye, ndipo sindibisa. Tsiku lina m'mawa ndikudya pa tebulo loyandikana, ndinamuona akukokera Landry mpando.

"Wotchi, mphwanga, khala apa ndikugulire khofi. Tandionere mjaha wachitatuwu. Ine maso akalamba."

Landry anayang'ana nyuziyo, momwe amalembamo mmene kavalo aliyense anathamangira m'mbuyomu. Sanachedwe.

"Nambala 2 ndi nambala 6 onsewa sadziwa kutsalira, aliyense amafuna kutsogola. Aphana okha. Kota yoyamba adutsa pa 22, pofika pa kona yomaliza malilime ali panja. Apambane ndi uyu nambala 8, wobwera m'mbuyo."

"Nambala 8? Nkhalamba imeneyo?"

"Nkhalamba yomweyo. Mjaha suli pa amene ali ndi liwiro, uli pa amene atope liti."

Masana nambala 8 anapambanadi. Purvis anamupeza Landry kuseri kwa khola n'kumulowetsera ndalama m'thumba la malaya.

"Ayi a Purvis, ine sindibetcha."

"Wabetcha ndani? Iyi ndi ya khofi. Kodi kuthokoza munthu ndi tchimo?"

Landry sanaibweze. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pasanathe mwezi, anali akumupatsa Purvis ndalama zake kuti akamuikire pa windo, poti munthu wa m'khola akamaoneka pamenepo anthu amayamba kulankhula. Ankawina kawiri, n'kuluza kamodzi, ndipo akaluza ankati wokwera ndiye wapusa, mawerengedwe ake anali olondola. M'kantini akalowa, amuna akuluakulu a imvi ankamupatsa mpando. "Wotchi wafika! Wotchi, lero atopa ndani?" Mnyamata anayamba kuyenda chotukumula chifuwa.

Mayi ake anazindikira msanga. Lamulungu lina pa Misa anaona kapepala katatuluka m'buku la nyimbo, kodzaza manambala a akavalo. Potuluka anamukokera pambali, ine ndili pomwepo.

"Landry, wayamba kuwerengera akavalo m'nyumba ya Mulungu?"

"Ndi ntchito, Amayi. Ndimaphunzira mmene anzake a Eula amathamangira."

"Usandipusitse, ndinakubereka ndine. Purvis Meche ameneyu anapha ukwati wake ndi juga, bambo ake anamwalira ali m'nyumba ya lendi. Akufuna mutu wako, akamaliza akutaya ngati chigoba cha nkhanu."

"Amayi, mumangoopa zilizonse."

"Eya, ndikuopa. Ndikuopa kwambiri mwana wanga."

M'mwezi wa Malichi a Dudley anachitidwa opaleshoni ya chiuno, ndipo dokotala anawaletsa kuponda ku khola milungu isanu ndi umodzi. Landry anali ndi chiphaso chothandizira mphunzitsi, choncho khola lonse linatsala m'manja mwake.

Lachitatu lina ndinapita kukasintha nsapato za Eula. Nditagwira mwendo wakumanzere uja, dzanja langa linamva kutentha. Ndinayang'ana pakona: ndowa ya madzi oundana ili gwa, youma, kangaude atayamba kale kumangamo.

"Iwe mwana wa Dudley, ndowa iyi inaona madzi liti?"

"Dzulo, Malume."

"Kangaudeyu ndiye anasambamo? Usaname, ine si mnzako!"

Anagwetsa nkhope. Theka la ola loimirira ndi kavalo lija ankalithera pa mpanda, kuonera akavalo a anthu ena akuthamanga, kuti akamuuze Purvis.

"Ndikukauza bambo ako pompano."

"Chonde Malume, Bambo akudwala, muwapha ndi maganizo. Ndiyambiranso lero lomwe, ndikulumbira. Loweruka mwendo ukhala utazizira."

Loweruka lake Eula anali pa mjaha wachisanu ndi chiwiri. Ndinamuyang'ana mnyamatayo, ndinakumbukira tsiku lomwe ndinamunyamula pa ubatizo, ndipo ndinakhala chete. Kukhala chete kumeneko ndi tchimo langa, ndipo ndimalisenza mpaka lero. Ndinangomuuza kuti, "Mwendo uwu ukhoza kupirira mjaha wodekha. Wothamangitsana sungathe. Wamva?" Anati wamva. Masiku atatu otsatirawo anauikadi m'madzi, kutentha kunatsika, ndipo dokotala wa ziweto poyeza Loweruka m'mawa anamuloleza Eula kuthamanga.

Zomwe ndikunena tsopanozi Landry anadzandiuza yekha pambuyo pake. Mjaha wachisanu ndi chiwiri uja anali atauwerenga milungu iwiri. Munali akavalo awiri okonda kutsogola, wakuda ndi wamawanga. Munalinso wotuwa wina wonyozeka, amene aliyense ankamuseka, koma Landry anali atamuona m'mawa akumaliza ngati mphepo. Atsogoleri awiriwo akatopetsana, wotuwayo akanadutsa onse, ngakhale Eula yemwe, ndipo dola imodzi ikanabala madola makumi atatu. Landry anali atasonkhanitsa zonse zomwe anawina chiyambire, kuti akabetche motsutsana ndi kavalo wa bambo ake.

Koma Loweruka cha m'ma 10 koloko analengeza kuti wamawanga uja wachotsedwa, wayamba chifuwa. Wakuda anatsala yekha kutsogolo. Aliyense wa ku mjaha amadziwa kuti kavalo wotsogola yekha, wopanda womuvutitsa, amayenda mwakufuna kwake n'kufika kumapeto mphamvu zikadalipo. Landry anapita kwa Purvis nkhope itagwa.

"Zafa, a Purvis. Wakuda adutsa kota pa 24, palibe amugwire. Tisaike."

"Tisaike? Ine ndauza tauni yonse kuti Wotchi salakwa. Ndipo taona, anthu onse akhamukira kwa wakuda, wotuwa wathu wafika pa makumi anayi. Mwayi woterewu umabwera kamodzi."

"Palibe womuthamangitsa wakudayo."

Purvis anamwa khofi wake pang'onopang'ono. "Palibe? Nanga mu geti nambala 3 muli bulu?"

"Eula? Ayi! Mwendo wake uja..."

"Dokotala wauyeza, wati uli bwino. Iwe ndiwe dokotala? Theka la mtunda basi, mphwanga. Amuvutitse wakudayo theka la mtunda, akatopa wokwera amuleke abwere chakumbuyo. Mawa adya udzu wake ngati kale. Bambo ako uwagulire galimoto yatsopano, aleke kukwera chiphapha chija ndi chiuno chobowola."

"Bambo sangalole."

"Bambo ako ali pa mpando kunyumba. Lero mphunzitsi ndani? Kapena ukadali kamwana kotumidwa?"

Landry anatulutsa envulopu ya ndalama zija n'kumupatsa.

Mwambo wathu ndi woti akavalo akamangidwa zishalo, mphunzitsi amaima ndi wokwera wake n'kumuuza mmene ayendetsere mjaha, ndipo mawu amenewo wokwera satsutsa. Wokwera wa Eula anali Nestor, bambo wa ana atatu, amene anamukwerapo kakhumi konse. Foni ya Landry inalira ali pomwepo. Anali a Dudley.

"Umuuze Nestor monga mwa masiku onse. Amugwire, kota yoyamba isatsike pa 24. Ngakhale amalize wachitatu, bola abwere ndi miyendo inayi."

"Chabwino Bambo, ndimuuza."

Anatseka foni n'kutembenukira kwa Nestor. "Bambo akuti lero umutulutse. Ukhale pakhosi pa wakudayo, usamupatse mpweya."

Nestor anadabwa. "Eula? A Dudley anena zimenezo?"

"Wawamva wekha akuimba foni. Akuti wakuda akatsala yekha tonse tathera pomwepo."

"Koma mwendo..."

"Mwendo uli bwino. Kapena ukuopa, tipeze wina?"

Nestor anangokoka chipewa chake, Landry n'kumukweza. Ine ndinali patali, sindinamve mawu, koma ndinaona kuti mnyamatayo sanamusisite Eula pakhosi monga ankachitira nthawi zonse. Ndinapita kukaima pa mpanda pafupi ndi kona yomaliza, ndikupemphera Tikuoneni Maria mosokoneza mawu.

Geti litatseguka, ndinaona zomwe sindinazionepo: Eula kutsogolo, khosi ndi khosi ndi wakuda, Nestor akumukankha ndi manja onse. Pa chikwangwani panayaka nambala ya kota yoyamba: 21. Mayo ine! Ndinakuwa, "Mugwire! Nestor, mugwire!" koma mawu a nkhalamba angamveke bwanji pakati pa anthu zikwi? Eula anali kavalo wamtima. Atamulola kamodzi kokha m'moyo wake kuthamanga mmene ankafunira, sanafunenso kugwidwa. Theka la mtunda linadutsa, Nestor akukoka zingwe, iye akulimbirabe.

Anafika pa kona, pamaso panga penipeni. Ndinamva kuti thyo! ngati nthambi youma. Eula anagwa chamutu, Nestor anauluka n'kukamenya mpanda, akavalo ena akupatuka uku ndi uku. Kenako Eula anadzuka, n'kuyesa kuthamangabe ndi miyendo itatu, wachinayi ukulendewera.

Wotuwa uja anadutsa kunja, n'kumupitirira wakuda wotopayo, n'kupambana. Landry anawerenga molondola. Zonse zinayenda monga ananenera, sekondi ndi sekondi.

Ndinalumpha mpanda ndi ukalamba wangawu n'kumugwira Eula pamutu. Thukuta lili chuchuchu, maso ali pa ine, akupuma ngati mvukuto. Ambulansi inamutenga Nestor. Dokotala wa ziweto anagwada, anayang'ana mwendowo kamodzi, n'kupukusa mutu. Anyamata anabwera ndi chinsalu chobiriwira chija amatchingira kuti anthu asaone. Landry anafika akuthamanga, nkhope ili mbuu.

"Adokotala, mumangeni! Ndilipira, ndalama ndili nazo, ndilipira zonse!"

"Palibe chomanga apa, mwana iwe. Gwira mutu wake kapena choka."

Sanathe kuugwira. Ndinaugwira ndine mpaka jakisoni atamaliza ntchito yake. Ndinalira, ine munthu wamkulu, ndipo sindichita nazo manyazi. Tikutuluka, Purvis anali pa mpanda akumwetulira, akugwedeza matikiti m'mwamba. "Wotchi! Makumi anayi, mphwanga! Pepa za kavaloyo, koma ugula atatu!" Akanakhala pafupi, hamala yanga ikanandilowetsa kundende tsiku limenelo.

Madzulo ake dzuwa lisanalowe ndinakawatenga a Dudley ndi mayi Odile kupita nawo kuchipatala. Anali ataonera zonse pa kanema. M'galimoto Landry anakhala kumbuyo ndi mayi ake. Nestor tinamupeza atathyoka phewa ndi nthiti zinayi, mkazi wake ali pambali ndi mwana pamiyendo. Atawaona a Dudley akulowa ndi ndodo ziwiri, anayesa kudzuka.

"Bwana, pepani, ndinayesa kumugwira. Koma munandiuziranji kuti ndimutulutse? Inu nomwe munkati mwendo uja..."

A Dudley anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mwana wawo. Kenako anatembenukiranso kwa Nestor.

"Khola ndi langa, Nestor. Mawu onse otuluka m'khola langa ndi anga. Ukhululuke."

Apo ndi pamene Landry anagwa pansi. Anagwada pa simenti ya chipatala n'kugwira miyendo ya bedi.

"Si Bambo! Bambo anati 24. Ndine, Nestor, ndinanama ndine. Ndinabetcha pa wotuwa. Mwendo unatentha Lachitatu, sindinauike m'madzi milungu iwiri. Ndamupha Eula ndine!"

Mkazi wa Nestor anaimirira. "Ndiye bambo wa ana angawa akanafa chifukwa cha tikiti yako?" Mayi Odile anadziphimba kumaso ndi mpango. Ine ndinaulula langanso pomwepo, kuti kutenthako ndinakumva ndi dzanja langa n'kukhala chete. A Dudley anangondiyang'ana, ndipo bola akananditukwana.

Lolemba Landry anapita yekha kwa akuluakulu oyang'anira mjaha n'kukanena zonse. Anamulanda chiphaso, n'kumuletsa kupondanso pa bwalo la mjaha lililonse. Purvis anali atasowa kale Loweruka lomwelo, ndi gawo lake ndi la Landry lomwe. Nestor anachira, koma phewalo silinamulolenso kukwera pa mjaha.

Ine ndinachita zomwe timachita kavalo wabwino akafa: ndinamuchotsa Eula nsapato zake zinayi, ndinazitsuka, n'kupita nazo kwa mwini wake. Ndinawapeza a Dudley atakhala pakhonde, Landry ataima pansi pa masitepe ngati mlendo, chipewa chili m'manja. Analandira nsapatozo n'kuziika pamiyendo. Anatenga ya kumanzere ija n'kumaisisita ndi chala nthawi yaitali.

"Bambo," anatero Landry, "ndimenyeni, ndithamangitseni, chilichonse. Koma musangokhala chete."

"Ndikumenye kuti Eula adzuke?"

"Ndikhululukireni, Bambo."

"Ndakukhululukira. Ndinakukhululukira uli chogwada kuchipatala kuja. Ndiwe mwana wanga, mbale yako ili pa tebulo, amayi ako aphika." Anatambasula dzanja. "Koma kiyi wa khola undipatse."

Landry anamasula kiyiyo pa lamba. Anakwera masitepe n'kukaika m'dzanja la bambo ake.

Akavalo atatu otsalawo anagulitsidwa chaka chisanathe, poti popanda Eula khola silikanatha kudzidyetsa. A Dudley sanaphunzitsenso kavalo. Landry lero amagwira ntchito m'madamu a nkhanu, m'matope ofika m'mawondo. Juga anasiya, ku Misa amapita, ndipo mwezi uliwonse amakasiya thumba la nkhanu pakhomo pa Nestor, ngakhale mkazi wake samuyankha moni.

Tsono ana inu, mverani nkhalamba ino. Juga sibwera ngati mdani, imabwera ikukutamani kuti ndinu anzeru. Imayamba ndi kudya ndalama zanu, kenako ntchito yanu, kenako choonadi cha pakamwa panu, ndipo pomaliza imapempha chinthu chomwe munapatsidwa kuti muchisunge. Musanyengedwe kuti woluza yekha ndiye amalira. Landry sanaluze. Anawina, ndipo kuwinako ndi komwe kunapha Eula, kunalumaza Nestor, n'kutseka khola la bambo ake. Mphatso yomwe Mulungu anakupatsani musapite nayo pa windo lobetchera. Ndipo inu akuluakulu anzanga, mukagwira mwendo n'kumva kutentha, kaneneni tsiku lomwelo, ngakhale mwanayo alire chotani.